Sipichi Yomwe Akuti Inapha a Tembo

Lolemba

Ndalowa mpikisano! Dzina langa lili pa bolodi la sukulu, lachiwiri kuchokera pansi. Alilemba molakwika koma ndi langa ndithu.

Loweruka likubwerali m'mawa, ku holo ya m'tauni, masekondale onse a kuno ku Kafue. Kulankhula pagulu. Mutu wake: nzika ndi malamulo aakulu a dziko. M'Chizungu, choimirira, pamaso pa majaji. Wopambana amulipirira giredi thwelofu yonse, mayeso ndi yunifolomu yomwe. Basale! Mawu amenewa ndawalemba pachikhatho, thukuta lawafufuta kale.

Ndikapanda kupambana, nkhani yake ndi yodziwika. Temu ino ikatha ndikupita ku Shimabala kwa anti, kukathirira tomato. Anti ananena okha atabwera mwezi watha, uku akutafuna mtedza wathu: "Chimtsikana chonsechi, manja awiri abwinobwino, chizingotembenuza mapepala?" Chiwadulireni ntchito kufakitale, atate sayankha kanthu. M'mawa amavala majombo awo a kuntchito n'kukhala pakhonde kuyang'ana msewu. Amayi anapita kumudzi ku Katete ndi ana aang'ono, kukalima. M'nyumba tatsala atatu: ine, atate ndi wailesi yopanda mabatire. Pa atatufe wolankhula ndine ndekha.

Ba Sakala, aphunzitsi athu a sivikisi, akuti: "Sipichi siipsa m'mutu. Pezani anthu oti muziyeserera pamaso pawo, apo ayi tsikulo mawu adzakuthawani." Chabwino. Ndipeza omvera, ndipo ndi awa:

1. Atate.
2. Ba Sakala eni akewo.
3. Mutinta, mnzanga wa kuyambira giredi wanu.
4. Achinyamata a ku feloshipu.
5. A Tembo a nyumba yoyandikana nafe, zikavutitsitsa.

Madzulo. Ndayamba ndi nambala wanu. Ndaphika, ndatsuka mbale, ndaima pakhonde manja kumbuyo. "Atate, Loweruka ndili ndi mpikisano ku holo." Iwo: "Mhm." Ndayamba kupereka moni kwa majaji. Moniwo usanathe n'komwe, anyamuka kukaona ngati madzi abwera pampopi. Madzi sanabwere. Aima pomwepo kuyang'ana mpopi mpaka ine ndalowa m'nyumba.

Sindikukwiya. Ndikungofuna munthu woti azindiyang'ana ndikamalankhula, basi.

Lachiwiri

Tsoka! Buku la malamulo limene ndabwereka kusukulu, limene ndakhala ndikuloweza ngati vesi, ndi lakale. La nthawi ya chipani chimodzi! Ndazindikira ndekha pa buleki, nditafika pa tsamba lonena kuti chipani china sichiloledwa. Ndikanakaimirira ku holo n'kukanena zimenezo lero lino, si akanandinyamula ndi mpando womwe?

Ndathamangira kwa Ba Sakala. Akuti: "Ingodumpha masamba amenewo." Nanga latsopano lili kuti? Akuti lilipo, anamva kuti lilipo. Andilembera zimene akukumbukira kuseri kwa pepala lina la mitengo ya chakudya cha nkhuku: ufulu wa moyo, wolankhula, wosonkhana, wopemphera, woyenda kumene munthu ukufuna. Theka la sipichi yanga lapita m'mbaula.

Ndawapempha andimvere pang'ono. Avomera! Akhala pa desiki, apinda manja, ndayamba. Pa chiganizo chachiwiri mayi wina wasuzumira pawindo: "Ba Ticha, nkhuku zija zakula?" Atuluka. Ndadikira mpaka belu. Masiku ano aliyense akugulitsa kanthu. Ahedi akugulitsa mazira, aphunzitsi a masamu akugulitsa mafirizi. Ine ndekha ndi amene ndikupereka katundu waulere, ndipo palibe akumufuna.

Nambala wanu ndi nambala thu, zapita. Ndalumpha mpaka pa nambala faifi.

A Tembo ndi nkhalamba ya kwathu kum'mawa. Anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, ndipo khutu limodzi linathera komweko. Andiika kumbali ya khutu lamoyo. Akhala pa mpando wawo wa nsalu, avula chipewa, achiika pabondo. Munthu woyamba kundivulira chipewa!

Ndalankhula bwino, ndikulumbira. Manja ndatambasula pamene ndinakonza kutambasula. Nditayang'ana pansi, a Tembo ali mtulo, kukamwa yasa. Ndapitiriza choncho, nanga n'kutani. Yawadzutsa ndi sitima ya katundu podutsa. Aomba m'manja. "Wamaliza, mdzukulu? Zabwino kwambiri! Koma ndamva theka. Theka linalo udzandiuze Lachinayi, usandidyere."

Ndiye pampanda patulukira mutu wa Bana Chanda, mayi wa m'laini mwathu, beseni la vitumbuwa lili pamwamba. "Iwe kamwana kodya mbewa! Ufuna kupha nkhalamba na Chizungu chako?" A Tembo ayankha kuti anthu odya anyani asamalowerere nkhani za ophunzira. Onse awiri aseka mpaka kutsokomola.

Chimbuya chimenecho. Bana Chanda ndi Mbemba, ife ndife a kum'mawa, ndiye ndi ambuya athu: atitukwane, atilande chipewa, atinene akuba pamsika, ife tibweze, koma kukwiya n'koletsedwa. Amayi amati wokwiyira mbuya ndi munthu wosaleredwa. Ine sindidziwa kubweza. Ndangomwetulira ngati chitsiru.

Lachitatu

Mutinta. Kale tinkagawana chingwa chimodzi, lero kuti ndimuone ndiyenera kupita kumsika wa ku Nangongwe, kumene amathandiza amayi ake kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, akaweruka. Akuti: "Kamba chabe, nikumvera." Wandipatsa buluku kuti ndimugwirire.

Zimene zachitika ndikulankhula:

— mayi wina wafunsa ngati pali siketi yokulirapo;
— Mutinta wakangana ndi kondakitala nkhani ya chenji;
— bambo wina wandifunsa mtengo wa buluku ndagwira lija, ndipo nditanena kuti nzika iliyonse ndi yofanana pamaso pa lamulo, wati ndachulutsa, wapita.

Pomaliza Mutinta wati: "Yabwino. Inali ya chani?"

Koma mtima ali nawo. Wasolola m'belo bulauzi yoyera mbee, ya kolala, ndi nsapato zakuda zogogoda pang'ono. Ndibweze Lolemba zili zoyera chimodzimodzi, amayi ake asanawerenge katundu. "Ukaidetsa, wanipha." Ndalonjeza. Ndayenda nazo m'pulasitiki pachifuwa ngati khanda.

Ndimafuna andiperekeze, tiseke panjira monga kale. Akuti sangasiye katundu.

Madzulo, ku feloshipu, m'kalasi ija amabwereka ku pulayimale. Anthu ambiri! Mabenchi odzaza! Ndati lero ndiye lero. M'bale Kelvin, mtsogoleri wa achinyamata, wandipatsa mpata mapemphero asanayambe.

Ndati moni kwa majaji. "Ameni!"

Ndati nzika ndi ndani? "Lalikira, sisita!"

Ndati malamulo aakulu a dziko ali pamwamba pa malamulo ena onse. Wina kumbuyo wafuula kuti pamwamba pali Yehova yekha. Ndasokonezeka, ndachita chibwibwi, mawu athawa. M'bale Kelvin waimirira: "Abale, mwauona? Mzimu wa mantha!" Andizungulira. Manja pamutu, manja pamapewa, aliyense akupemphera chake mokweza. Andikankha pachipumi kuti ndigwe. Sindimafuna kugwa, pansi panali fumbi, koma ndaona kuti sandisiya, ndiye ndagwa.

Akuti ndamasulidwa. Tsitsi limene ndinaluka dzana lamasuka nalo. Sipichi sinapyole ndime yoyamba.

Anthu onse aja anandigwira, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wandifunsa kuti mpikisanowo ndi wa chiyani. Pobwerera ndayenda ndekha m'mbali mwa njanji.

Watsala ndi a Tembo. Mawa theka lachiwiri.

Lachinayi

A Tembo amwalira.

Mayo ine. Kulira kwayamba m'mawa ndikukoleza mbaula. Akuti anagona bwinobwino, sanadzuke. Ndakhala pansi pakhomo pa khitchini, malasha akuzima, osadziwa chochita. Ndalira. Ndikuvomera kuti pakati pa kulirako ndaganizanso kuti, nanga theka lija? Mulungu andikhululukire.

Kusukulu sindinapite. Maliro a pakhomo sathawidwa. Tatulutsa mipando ya m'nyumba mwawo, azimayi akhala pansi m'kati ndi agogo aNaPhiri, akazi a malemuwo, azibambo panja pansi pa tenti yobwereka. Atate avula majombo, avala nsapato za kutchalitchi. Aka n'koyamba kuwaona akudutsa geti lathu mwezi uno.

Ndipo ambuya afika. Wamwalira ndi wa kum'mawa, ndiye maliro ndi a Abemba: ophika ndi iwo, okumba manda ndi iwo, olamula ndi iwo. Bana Chanda amanga chitenje m'chiuno ngati msilikali. Alowa akulira mokweza kuposa tonse, kenaka apukuta maso n'kufunsa mtembo kuti wasiya mbewa zingati m'thumba. Agogo aNaPhiri aseka m'kati mwa misozi. Sindimvetsa mmene zimathekera, koma zimawapepuza.

Ine andipatsa ndowa. Madzi kulibe m'laini mwathu monse, ndiye ndi ulendo wa kumpopi wa kumsika, kupita ndi kubwera, kupita ndi kubwera. Ndikuyeserera chamumtima, ndowa ili pamutu. Ndikafika pa ufulu wosonkhana madzi amatayikira m'khosi.

Pamaliro munthu sukweza mawu, suyatsa wailesi, suima pakhonde n'kumatambasula manja kwa majaji osaoneka. Nyumba zathu zagundana, ukatsokomola kwanu akumva kwa a Tembo. Ndayesa m'chimbudzi, monong'ona. Wina wagogoda.

Kuika maliro Loweruka m'mawa, podikira mwana wawo wa ku Kitwe. Loweruka! M'mawa! Pa masiku onse a Mulungu!

Lachisanu

Nkhani yafala. Ndikudutsa ndi ndowa, ndamva Bana Chanda akuuza anzawo pa moto: "Ni aka. Kanaimirira pamutu pa nkhalamba na Chizungu, mawa lake nkhalamba yagona, mkucha yapita." Onse: "Awe mwandi!" Mmodzi wandifunsa ngati ndingapiteko kwa apongozi ake ndikawalankhulire pang'ono.

Ana a m'laini akundithawa. Kamwana kamodzi kafuula kuti, "Osamumvera, uzafa!" Pa omvera onse a m'dziko la Zambia, tsopano ndatsala ndi zero.

Kusukulu ndangopita kukamva malangizo. Ba Sakala akuti tifike msanga, wochedwa dzina lake likadutsa ladutsa. Tiyang'ane majaji m'maso. Tisagwire siketi. Tisanene kuti "eee". Andifunsa ngati ndayeserera pamaso pa anthu. Ndati inde, mmodzi. Sanafunse zambiri.

Masana ndapita kuseri kwa malo osiyirako mabogi akale a sitima, kumene kulibe munthu. Ndaima pa chitsulo, ndalankhula sipichi yonse kuyambira moni mpaka zikomo, mokweza, osaphonya liwu. Yonse! Inali yokoma, ndikunena zoona. Panali mbuzi ziwiri. Imodzi inachoka pakati.

Ndikanakonda amayi akanakhala pano. Akanandiseka, akanati Chizungu changa chikumveka ngati munthu wotafuna chimanga chokazinga, koma akanakhala pansi mpaka pomaliza.

Bulauzi ndasita ndi simbi ya makala, ndayala nsalu pamwamba kuti isadetsedwe. Ndayipachika kuseri kwa chitseko. Ndikaiyang'ana ndikuona ngati muli kale munthu wina m'katimo, wa giredi thwelofu.

Mapulani a mawa, ndipo awa okha asalephereke:

1. Kudzuka, kusamba, kuvala.
2. Kutulukira khomo la kuseri.
3. Kudzera njira ya kunjanji, osati ya kutsogolo.
4. Ambuya asandione. Tsiku loika maliro ndi limene amapaka anthu a kum'mawa ufa ndi paudala, mutu mpaka kumapazi, ndipo sakusiya usanaponye kanthu m'mbale yawo ya chithandizo cha maliro. Ine ndilibe ngakhale ngwee.

Atate ndawaona pa tenti, akumvera azibambo anzawo akukamba za mafakitale amene agulitsidwa ndi amene atsekedwa. Ndimafuna kuwakumbutsa za mawa. Mtsikana sapita pa tenti ya azibambo kukanong'oneza za sipichi.

Loweruka

Ndilembe bwanji? Dzanja likadali loyera.

Nambala wanu, thu, fili: zonse zayenda. Ndatulukira kuseri, bulauzi ikuwala, nsapato zikugogoda. Azibambo anali atapita kale ndi lole kukatenga thupi kumotchale, atate ali nawo. Ndafika pa mtengo wa mango wa kumapeto kwa laini. Njanji ndikuiona apo. Ndapulumuka!

Ndiye ndamva agogo aNaPhiri akulira, akutchula dzina la amuna awo. Miyendo yaima yokha. Munthu yekhayo amene anandivulira chipewa akumuika lero, ine ndikuzemba kuseri ngati wakuba nkhuku? Ndati ndingolowa, ndigwade, ndinene kuti agogo pepani sinditha kufika kumanda, ndituluke. Kamphindi chabe. Ndafunda chitenje pamwamba pa bulauzi.

Ndalowa, ndagwada, ndanena. Agogo andigwira tsaya, ati pita mwanangu. Potuluka, pakhomo pali Bana Chanda. Dzanja lina chitini cha paudala, lina mbale ya ufa.

"Shani, wakupha?"

Chitenje chapita. Paudala m'mutu, ufa kumaso, m'khosi, m'makutu. Manja awo a mafuta a vitumbuwa pa bulauzi ya Mutinta, apa ndi apa. Azimayi akululutira. Wina wandivula nsapato imodzi, akuti chikole. Andikhazika pa ndowa yovundikira pakati pa bwalo. Mlandu: kupha nkhalamba ndi Chizungu. Lipira!

Ndati ndilibe ndalama. Aseka. Ndati ndili ndi mpikisano ku holo, wa basale, ukuyamba tsopano lino. Aseka kwambiri. "Wakum'mawa na boza!" Ndalumbira. Ndalira misozi yeniyeni, yasakanikirana ndi ufa, yasanduka phala. Wina wati onani, akuphika kumaso. Ndi mmene chimbuya chilili: ukalira akuti ukusewera bwino, ukalumbira akuti waonjeza nthabwala. Palibe khomo lotulukira lonena kuti izi ndiye ndi zoona. Azimayi a kwathu onse anali oyera ngati ine, akungoti pirira mwana, mbuya sakwiyiridwa.

Apa ndiye ndapanga uchitsiru waukulu. Ndaimirira ndi nsapato imodzi n'kunena kuti malamulo aakulu a dziko amandipatsa ufulu woyenda kumene ndikufuna. Yaba! Bwalo lonse lagwa ndi phwete. Bana Chanda apukuta misozi: "Manje ndiye mlandu wakula. Ulibe ndalama, uzalipira na sipichi yamene ija. A Tembo anamvera hafu, ninaliko ine. Uzayembekeza abwere, amvere hafu yawo. Nkhongole ya wakufa siyenda."

Lole inachedwa. Akuti inathima panjira, azibambo anachita kuikankha. Ine pa ndowa, dzuwa likukwera, ufa ukuuma kumaso. Ndimaona mthunzi wa tenti ukufupika ndipo ndimadziwa kuti ku holo ayamba.

Lole yafika. Atsitsa bokosi, aliika pa mabenchi kuti anthu aone nkhope. Azibambo a kum'mawa awapaka nawonso potsika. Atate mbuu, ndi nsidze zomwe. Bana Chanda aomba m'manja: wakupha alipire! Andiimika kumutu kwa bokosi, kumbali ya khutu lamoyo. Ndayamba moni wa Chizungu. "Awe! Ifenso ufuna utiphe? Kamba Chinyanja chako cha mbewa!"

M'Chinyanja? Sindinaiganizepo m'Chinyanja ngakhale tsiku limodzi. Mawu aakulu onse aja ndinaloweza, ofika masilabulo asanu, analibe kolowera. Ndangoyamba kunena zimene akutanthauza. Ndati nzika ili ndi ufulu wa moyo, wolankhula, wopemphera, wosonkhana monga tasonkhana pano. Ndati ili ndi ufulu woyenda. Bana Chanda akweza nsapato yanga m'mwamba, anthu aseka.

Kenaka pakamwa panga patuluka zimene sizinali papepala. Ndati a Tembo ali apawa anasiya khutu lawo panjanji kuti sitima za dziko lino ziziyenda, ndiye ngati wina akufuna kuona nzika, abwere aone nkhope. Ndati munthu akamudula ntchito samudula unzika. Ndati ngakhale atakhala pakhonde tsiku lonse atavala majombo, opanda kopita, dzikoli ndi lake ndithu, ndipo ali ndi ufulu wofunsa amene akuligulitsa kuti mwagulitsa zingati, nanga ife tidya chiyani.

Kunali zii. Palibe ameni, palibe wofunsa mtengo wa buluku, palibe wogona kupatula mwini maliro. Anthu odzaza bwalo, onse akundiyang'ana. Atate akundiyang'ana. Pankhope yoyera ija maso okha ndi amene amaoneka, ndipo anali pa ine mpaka ndati zikomo.

Nthungululu! Bana Chanda andiveka nsapato okha, atagwada. "Mlandu wasila, wathera pano. Pita, kadye mbewa."

Ndathamanga. Njanji, msika, msewu waukulu, nsapato zogogoda zikunditema zidendene. Kamwana kena kandiona kathawa kakulira. Pakhomo pa holo mlonda watambasula dzanja: "Openga salowa muno." M'kati akuomba m'manja. Ba Sakala atuluka, andidutsa, abwerera atamva mawu anga. Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Dzina lako anaitana, n'kuitananso. Ndinatuluka kukakuyang'ana pamsewu." Ndati ndingalankhule panopa, ngakhale kwa jaji mmodzi. Ati majaji alemba kale.

Wapambana ndi mnyamata wa sukulu ina, wa jekete lokhala ndi baji. Ndamuonera pawindo akugwirana chanza ndi akuluakulu. Akuti anayang'ana majaji m'maso.

Ndabwerera wapansi, nsapato m'manja. Kumanda ndapeza akumaliza kuika nkhata.

Sondo

Kutchalitchi sindinapite. Ndasamba kawiri, ufa ukadali m'makutu.

Bulauzi ndaiviika, ndaichapa, ndaiyanika, ndaichapanso. Ufa wachoka. Zala za mafuta zakana: zinayi paphewa, chala chachikulu pakolala. Mutinta sanabwere kudzafunsa mmene ndayendera. Mwina ndi bwino.

Temu yatsala pang'ono. Zopita nazo ku Shimabala: zitenje ziwiri, nsapato za pulasitiki, chipewa cha dzuwa. Mabuku a giredi ileveni ndiwasiyira wina. Anti akuti kumeneko madzi sasowa, ndiye mwina ndidzatha kusamba ufawu.

Chakumasana kwabwera Bana Chanda ndi mbale ya vitumbuwa yovundikira. Aima pakhomo, osalowa. Mwana wawo Chanda anali ku holo dzulo, wawauza. "Ati zinali za zoona? Manje iwe sunakambe bwanji?" Ndati ndinakamba. "Awe, wakum'mawa akakamba, nindani amvera?" Maso awo anali ofiira. Aona bulauzi pa chingwe, aitembenuza, aona zala zawo. Ati akagula okha kwa amake Mutinta, ngakhale siiwakwana ndi mkono womwe. Mbuya sapepesa. Pochoka anditukwana pang'ono, mwaulemu, ndipo ine kwa nthawi yoyamba ndabweza: ndati apereke moni kwa anyani. Aseka, koma kuseka kwake sikunafike patali.

Ndadya vitumbuwa vitatu ndekha. N'zokoma, ndiye zikundipsetsa mtima kwambiri.

Madzulo atate abwera kuchokera kwa agogo aNaPhiri. Alowa kuchipinda, ndamva sutikesi ikutseguka. Atuluka ndi jekete lawo la ukwati, akulikung'untha, likununkha mankhwala a njenjete. Alankhula! Okha, osafunsidwa!

"Iwe, sipichi ija. Anthu akuikamba pa tenti mpaka lero. Ukapambana iwe. Unati mpikisanowo uli liti? Ndikufuna ndikakhale kutsogolo."

Ndimafuna kunama kuti anausuntha. Ndimafunanso kukuwa kuti ndinakuuzani Lolemba, pakhonde pomwe pano. Ndangoti, "Unali dzulo m'mawa, atate."

"Dzulo."

Aima ndi jekete m'manja. Ayang'ana bulauzi pa chingwe, ayang'ana mapazi anga otupa. Ndaona akuwerengera okha mumtima, ndipo ndaona pamene afika pa yankho. Sananene za Shimabala, ine sindinanene. Palibe chasintha, tonse tikudziwa.

Kenaka avala jekete lija, amanga mabatani onse. Atenga kampando kawo ka pakhonde, kamene kamayang'ana msewu, akatembenuzira kwa ine. Akhala.

"Ya Chizunguyo sindinaimve. Yamba."

Ndaima manja kumbuyo. Ndapereka moni kwa majaji. Ndili pa ufulu wosonkhana, mpopi wayamba kutsokomola, kenaka madzi phwaa, oyamba sabata yonse ino. M'laini monse anthu akuthamanga ndi ndowa.

Atate sananyamuke. Madzi atayika mpaka ndati zikomo.